Pepala Linayera, Maliro Anachuluka

M'zaka za m'ma 1980, munthu wa ku America akapulumuka ku matenda aja otseka mtsempha wodyetsa mtima, madokotala ankafuna kudziwa mmene mtima wovulalawo ukugundira iye akakhala payekha. Ankamumata timawaya pachifuwa n'kumumangirira kabokosi m'chiuno, koti ayende nako ndi kugona nako. Kabokosiko kamatchedwa Holter, potengera dzina la Norman Holter wa ku Montana amene anayambitsa luso limeneli, ndipo kankajambula kugunda kulikonse pa maola 24. Mwa odwala ambiri, pakati pa mizere yolongosoka pankatulukira mzere wina wonenepa ndi wopindika, wobwera nthawi yake isanakwane. Kumeneku ndi kugunda kongolowerera, koyambira m'zipinda zam'munsi za mtima popanda kutumidwa. Mwini mtima nthawi zambiri sankamva kanthu. Ena ankangoti mtima wadumpha pang'ono, basi.

Madokotala ankakuopa kugunda kumeneku, ndipo mantha awo sanali a chibwana. Akawerenga mabuku a odwala ankapeza kuti anthu amene mtima wawo unkalowerera kawirikawiri chonchi ndiwo ankafa mwadzidzidzi kuposa anzawo: munthu wadzuka bwinobwino, wangoti khu pansi, watha. Bernard Lown, katswiri wa mtima wa ku Boston, anafika poika kugunda kotereku m'magulu mu 1971, kuyambira kosadetsa nkhawa mpaka koopsa. Kuchokera apa maganizo anayenda okha. Ngati kugunda kongolowerera ndiko kumatsogolera imfa yadzidzidzi, ndiye kuti mankhwala okuthetsa apulumutsa anthu. Ndani akanatsutsa? Ine ndikanakhalapo ndikanavomera, ndipo ndikukhulupirira kuti inunso mukanatero.

Mankhwala ake anapezekadi, amphamvu zedi. Bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linaloleza flecainide mu 1985, amene ankagulitsidwa pa dzina loti Tambocor, kenako encainide, wodziwika kuti Enkaid. Munthu akamwa kwa masiku ochepa n'kumangidwanso kabokosi kaja, mizere yopindika ija inkapezeka itasowa pafupifupi yonse. Dokotala ankaona ndi maso ake kuti mankhwala agwira. Wodwala ankamuonetsa mapepala awiri, lakale lodzaza ndi zokhota ndi latsopano loyera, ndipo ankabwerera kwawo mtima uli m'malo. Anthu masauzande ambirimbiri anayamba kumwa mapiritsi amenewa tsiku ndi tsiku.

Kuti timvetse chimene chinalakwika, tiyenera kulowa mu mtima momwemo, chifukwa nyama imeneyi simafinyika popanda magetsi. Pamwamba pa chipinda chakumanja cham'mwamba pali kagulu ka maselo kamene Arthur Keith ndi Martin Flack anakapeza mu 1907. Kameneka ndiko kamayatsa magetsi, maulendo 60 mpaka 100 pa mphindi munthu akangokhala. Magetsiwo amafalikira m'zipinda ziwiri zam'mwamba, n'kufika pa kamfundo kamene dokotala wa ku Japan, Sunao Tawara, anakalongosola mu 1906. Apa amaima kaye pang'ono kuti magazi atsike, kenako amathamanga m'timinyewa tapadera kukadzutsa zipinda zam'munsi, zomwe zimafinyika pamodzi n'kukankha magazi kupita m'mapapo ndi m'thupi lonse.

Magetsi amenewa amachokera ku mchere. Kunja kwa selo lililonse kuli sodiyamu wambiri, m'kati mwake muli potaziyamu wambiri, ndipo khungu la selo lili ndi tizipata tating'onoting'ono, kalikonse kolola mchere wamtundu wake wokha. Uthenga ukafika, zipata za sodiyamu zimatseguka kwa kanthawi kochepa kwambiri, sodiyamu n'kukhamukira m'kati. Kulowa kumeneku ndiko kumayatsa selo, ndipo selo likayaka limayatsa linzake loyandikana nalo. Kenako kashiyamu amalowa n'kuchititsa kuti selo lifinyike. Pomaliza potaziyamu amatuluka, selo n'kubwerera mwakale. Kufikira litabwerera, kwa nthawi yoposa pang'ono gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi, selolo silingayakenso ngakhale mulikakamize bwanji.

Mankhwala onse okonza kagundidwe ka mtima amagwira penapake m'ndondomeko imeneyi. Miles Vaughan Williams wa ku Oxford anawagawa mu 1970 potsata pomwe amagwira, ndipo kagawidwe kake, kataonjezeredwa pambuyo pake, kakuphunzitsidwabe mpaka lero. Ena amatseka zipata za potaziyamu kuti selo lichedwe kubwerera mwakale, ena amatseka za kashiyamu, ena monga propranolol amatchinga uthenga wa mantha ndi phuma umene thupi limatumiza ku mtima. Flecainide ndi encainide ali m'gulu lotseka zipata za sodiyamu, ndipo m'gululo ndiwo ouma mutu. Lidocaine akagwira chipata amachisiya sekondi isanathe. Flecainide amakakamira kwa masekondi angapo, kotero kugunda kwina kumabwera iye asanachoke, ndipo mtima ukamathamanga zipata zotsekedwa zimangochulukirachulukira. Pamenepo kaselo kopulupudza kamene kamafuna kuyaka kokha kamalephera, n'chifukwa chake pepala limayera. Koma magetsi enieni aja, oyendetsa moyo, nawonso amayenda mwapang'onopang'ono, pakuti zipata zake ndi zomwezo.

Aliyense amene anaonapo tchire likupsa m'chilimwe akudziwa kuti moto subwerera pa lupsa. Umapita patsogolo pokha, ndipo malawi awiri akakumana amazimitsana chifukwa udzu watha mbali zonse. Mu mtima wabwino zimakhala chimodzimodzi: moto umasesa dambo lonse mwaliwiro n'kukazima kumalire, ndipo kumakhala bata mpaka woyatsa uja atayatsanso. Kusiyana kwake n'kwakuti mu mtima udzu umameranso ndi kuuma theka la sekondi lisanathe. Tsono tiyerekeze kuti pakati pa dambolo pali chulu chachikulu chosapsa, ndipo m'mphepete mwake udzu ndi wapatalipatali moti moto umangokwawa. Lawi lina likazungulira chulucho mochedwa, limakapeza pomwe linayambira patamera kale udzu watsopano. Limayatsanso, n'kuzunguliranso, osaima. Chipsera chimene chimatsala mu mtima mtsempha ukatsekeka ndicho chulucho. Moto ukayamba kuchizungulira, zipinda zam'munsi zimagunda mwina maulendo 200 pa mphindi, kenako zimangonjenjemera osakankha magazi, ndipo munthu amakomoka m'masekondi ochepa. Mankhwala ochedwetsa moto amachepetsa zoyatsa zosokera, inde, koma chimodzi chikangopulumuka, chimapeza njira yozungulira chulu itakonzedwa kale.

Zimenezi lero zikuoneka zosavuta kumva. Panthawiyo zinkadziwika ndithu kuti mankhwalawa nthawi zina amayambitsa vuto lomwe akufuna kuthetsa, koma ambiri ankaganiza kuti zimachitika mwa apo ndi apo, m'masiku oyambirira okha, ndipo makamaka kwa odwala kwambiri. Choncho bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa matenda a mtima, mapapo ndi magazi litayambitsa kafukufuku wotchedwa CAST mu 1987, cholinga chinali kutsimikizira phindu limene aliyense ankaliyembekezera. Madokotala ena anakana kupereka odwala awo. Ankati n'kulakwa kupatsa munthu piritsi lopanda mankhwala pamene mankhwala opulumutsa moyo alipo.

Kafukufukuyu anakonzedwa mokomera mankhwalawo. Ankatenga anthu amene mtsempha wa mtima unawatsekekapo, amene kabokosi kaja kanaonetsa kugunda kongolowerera kosachepera kasanu n'kamodzi pa ola, koma osamva vuto lalikulu m'thupi. Poyamba aliyense ankamupatsa mankhwala enieni n'kumuyezanso. Okhawo amene pepala lawo linayera ndiwo ankapitirira. Amenewa ankagawidwa mwamaere: ena apitirize mankhwala enieni, ena alandire mapiritsi ofanana nawo maonekedwe koma opanda kanthu m'kati. Wodwala sankadziwa zimene akumwa, dokotala wake sankadziwanso. Komiti yapadera ndiyo inkalandira ziwerengero za imfa, magulu awiriwo atangolembedwa ndi zilembo m'malo mwa maina.

Sipanapite nthawi yaitali, gulu limodzi linayamba kuoneka kuti likufa kwambiri kuposa linzake. Munthu wokhulupirira mankhwalawo akanati: taonani, osalandira thandizo akutha. Mu Epulo 1989 komitiyo inavundukula zilembo zija, ndipo gulu lomwe linkafa linali la omwa mankhwala enieni. Ziwerengero zomaliza, zimene zinasindikizidwa mu 1991, zinali motere: mwa anthu 755 amene ankamwa encainide kapena flecainide, 63 anamwalira kapena mtima wawo unaima, mwa anthu 743 amene ankamwa mapiritsi opanda kanthu, anali 26. Izi zinachitika pa nthawi ya miyezi pafupifupi khumi yokha. Ndipo imfazo sizinaunjikane m'masiku oyambirira monga ankaganizira. Zinkabwera mwezi ndi mwezi, nthawi yonse imene anthu ankamwa mankhwalawo, mwa anthu omwewo amene pepala lawo linali loyera.

Ofufuza ambiri akuganiza kuti chimene chinkachitika ndi ichi. Munthu amene mtsempha umodzi unamutsekekapo amakhala ndi mitsempha inanso yopapatiza. Tsiku lina kachigawo ka mtima kamaperewedwa magazi kwa kanthawi, mwina akukwera masitepe, mwina ali m'tulo. Maselo osowa mpweya amakhala kale ofooka pa magetsi, ndipo mankhwala otseka zipata za sodiyamu amawagwira mwamphamvu kuposa maselo abwino. Vuto limene munthu akanapulumuka nalo, mwina atangomva kupweteka pachifuwa, linkasanduka imfa.

Funso limene limandivuta ndi lakuti: madokotala masauzande, ophunzira bwino, okonda odwala awo, analephera bwanji kuona? Yankho lili m'masamu. Kusiyana kwa magulu awiri aja ndi munthu mmodzi mwa anthu pafupifupi 20 pa miyezi khumi. Dokotala amene ali ndi odwala 20 otere amaona maliro amodzi oonjezera, a munthu amene aliyense akudziwa kuti anali ndi mtima wovulala. Achibale amabwera kudzathokoza kuti adokotala munayesetsa. Anthu 18 kapena 19 otsalawo akuyenda, mapepala awo ndi oyera, ndipo akuyamikira mankhwala. Palibe diso la munthu mmodzi limene lingaone chiwembu chobisala chonchi. Chinaoneka pokhapo anthu mazanamazana ataikidwa m'magulu awiri mwamaere n'kuwerenga maliro, m'malo mowerenga mizere ya pa pepala.

Mankhwala achitatu a m'kafukufukuyu, moricizine, anapitirira kuyesedwa, koma nawonso anaimitsidwa mu 1991. M'masabata awiri oyambirira, anthu 17 mwa 665 owamwa anamwalira kapena mtima unaima, poyerekeza ndi atatu mwa 660 amene sanawamwe, ndipo patsogolo pake panalibe phindu looneka. Encainide anachotsedwa pamsika chaka chomwecho. Ena anati vuto ndi zipata za sodiyamu, tiyeni tiyese za potaziyamu. Anayesa d-sotalol m'kafukufuku wotchedwa SWORD, nayenso anaimitsidwa msanga chifukwa omwa mankhwala ankafa kuposa anzawo. Mtolankhani Thomas Moore, m'buku lake la mu 1995 lotchedwa Deadly Medicine, anawerengera kuti mankhwala amtundu wa flecainide anapha anthu a ku America masauzande makumimakumi. Akatswiri ena amatsutsa kukula kwa chiwerengerocho, koma za imfa za mu CAST palibe wotsutsa.

Chowawa china n'chakuti chenjezo linalipo, koma linagona m'kabati. Mu 1980 madokotala a ku Nottingham, ku England, anayesa mankhwala a m'gulu limodzi ndi flecainide otchedwa lorcainide pa anthu 95 oganiziridwa kuti mtsempha wa mtima wawatsekeka. Pafupifupi theka analandira mankhwala, theka mapiritsi opanda kanthu. Kugunda kongolowerera kunachepadi. Koma kwa omwa mankhwala kunamwalira anthu asanu ndi anayi, kwa enawo mmodzi yekha. Ofufuzawo anaganiza kuti zangochitika mwatsoka, poti anthu ake anali ochepa, ndipo kampani itasiya kupanga mankhwalawo nkhani inazilala. Anadzaisindikiza mu 1993, patapita zaka 13, n'kuvomera okha kuti ikanatha kuchenjeza anzawo. Ndimawapatsa ulemu chifukwa chovomera. Ambiri akanangokhala chete.

M'zaka zomwezo panali mankhwala ena osatchuka pa ntchito yoyeretsa pepala. Propranolol ndi abale ake, amene kwathu kuno ambiri timawadziwa ngati mankhwala a BP, sathetsa kugunda kongolowerera monga flecainide. Koma kafukufuku wa timolol ku Norway mu 1981 ndi wa propranolol ku America mu 1982 anaonetsa kuti amachepetsa imfa mwa anthu amene mtsempha wa mtima unawatsekekapo. Kwa propranolol imfa zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Wina anganene kuti izi ndi za kutali, za anthu a ku America ndi mapiritsi awo odula. Komatu kholo la mankhwala otseka zipata za sodiyamu aja timalidziwa bwino kuno: ndi kwinini. Mu 1912 dokotala wa ku Netherlands, Karel Wenckebach, anauza wamalonda wina kuti alibe mankhwala a mtima wake umene unkagunda mosalongosoka nthawi ndi nthawi. Munthuyo anayankha kuti iye amadzichiritsa yekha ndi kwinini, mankhwala a malungo, ndipo m'mawa mwake anabweranso mtima ukugunda bwinobwino. Mu 1918 Walter Frey anaonetsa kuti quinidine, wochokera ku makungwa a mtengo womwewo wa cinchona, amagwira bwino koposa. Koma quinidine amatseka zipata za sodiyamu ndi za potaziyamu zomwe. Maselo akachedwa kwambiri kubwerera mwakale, ena amayakanso okha asanamalize, ndipo pamayamba kagundidwe koopsa kamene dokotala wa ku France, François Dessertenne, anakatcha torsades de pointes mu 1966. Odwala omwa quinidine ankakomoka mwadzidzidzi, ena osadzukanso.

Kwinini ndi wofatsa poyerekeza ndi m'bale wakeyo, komabe magazi ndi amodzi. N'chifukwa chake m'chipatala sabayidwa mumtsempha kamodzin'kamodzi, koma amaikidwa m'diripi yodontha kwa maola anayi. Wodikirira wodwala amene amatsegula diripi kuti ithe msanga, poganiza kuti akuthandiza, akusewera ndi magetsi a mtima wa m'bale wake. Mankhwala ena a malungo otchedwa halofantrine, amene ankagulitsidwa pa dzina loti Halfan, anapezeka mu 1993 kuti amachedwetsa maselo a mtima moopsa ndipo anapha anthu ena. LA, amene dziko la Malawi linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007, ali ndi lumefantrine, wa mtundu wofananirako, koma anayezedwa kwambiri pa nkhani yomweyi ndipo sanapezeke ndi vuto limeneli akamwedwa mwa mlingo wake. Palibe chifukwa choopera LA. Malungo osachizidwa ndiwo oopsa.

M'zipatala zathu muli anthu ambiri, ena achinyamata ndithu, amene zitseko za mtima wawo zinaonongeka ndi matenda oyamba ndi zilonda zapakhosi ali ana, ndipo zipinda zam'mwamba zimangonjenjemera. Ambiri amapatsidwa digoxin pamodzi ndi mankhwala okodzetsa otchedwa furosemide, amene anthu amangoti Lasix. Digoxin ali ndi malire opapatiza kwambiri pakati pa mlingo wothandiza ndi mlingo wopha, ndipo mankhwala okodzetsa amataya potaziyamu m'mkodzo. Potaziyamu akachepa, digoxin yemweyo, pa mlingo womwewo, amasanduka poizoni. Munthu wotere akatsegula m'mimba kapena kusanza kwa masiku awiri atatu, kenako n'kuyamba nseru yosatha, kusafuna chakudya, kuona zinthu ngati zachikasu kapena kumva mtima ukudumphadumpha, apite kuchipatala tsiku lomwelo, atanyamula mapiritsi ake onse ndi buku lake lakuchipatala.

Flecainide sanathe. Akugwiritsidwabe ntchito, ndipo ndi mankhwala abwino kwa munthu amene zipinda zam'mwamba zimamunjenjemera nthawi zina koma mtima wake ulibe chipsera, mitsempha yake ndi yotseguka ndipo ukupopa bwino. Ena amauzidwa kuti aziyenda nawo m'thumba n'kumwa vuto likayamba. Koma dokotala asanalembe amayeza magetsi a mtima pa ECG, amaunika mtima ndi makina, amafunsa mbiri yonse, ndipo kawirikawiri mlingo woyamba wotere umamwedwa wodwala akuyang'aniridwa m'chipatala. Apa ndi pamene chifundo chathu chingatipweteke. Mwana ali ku Joni kapena ku Britain, mapiritsiwa akumuthandiza, akumva kuti bambo ake kumudzi akudandaula kuti mtima ukuthamanga, n'kuwatumizira paketi. Sakudziwa kuti kupweteka kwa pachifuwa kuja bambo anadwala zaka zitatu zapitazo, komwe anthu anati ndi chibayo, kunasiya chipsera. Mawu oti mtima ukuthamanga amabisa matenda ambiri osiyana: kuchepa kwa magazi, chithokomiro, nkhawa, malungo, ndi mitundu ingapo ya kusokonekera kwa magetsi, ndipo mankhwala a mtundu umodzi amapha pa mtundu wina.

Palinso kusemphana kwa mankhwala. Ritonavir, amene ali m'magulu ena a ma ARV, amalepheretsa chiwindi kuphwanya flecainide, quinidine ndi amiodarone, moti mlingo wamba umaunjikana m'magazi. Erythromycin amachedwetsa maselo a mtima kubwerera mwakale, ndipo akaphatikizana ndi mankhwala ena ochita zomwezo ngozi imakula. Amiodarone, amene madokotala amamudalira pa mtima wa chipsera chifukwa sayambitsa kawirikawiri kagundidwe koopsa, ali ndi zake: amatha kuononga chithokomiro, mapapo ndi chiwindi, amakweza mphamvu ya digoxin ndi ya warfarin, woletsa magazi kuundana, ndipo amabisala m'mafuta a m'thupi moti amatenga miyezi kuti atheretu. Amene anasiya kumwa amiodarone miyezi iwiri kapena itatu yapitayo ayenera kumutchulabe kwa dokotala kapena wa ku famase asanalandire mankhwala ena atsopano.